Kuwerenga Kotsata Ndondomeko m'Sukulu za Pulayimale za ku Lundazi: Mbiri ya Vuto Lakale

Mtsikana wa m'dera la Mfumu Magodi kapena la Mfumu Mphamba kawirikawiri amakhala atadziwa kufulula chindongwa, chimene m'Chichewa timati thobwa, asanamalize sukulu ya pulayimale. Amadziwa kuti mawere amayamba anyikidwa m'madzi, kenaka amafundikidwa kuti amere, akamera amayanikidwa, ndipo akauma ndi pamene amasinjidwa kukhala chimera. Amadziwanso kuti chimera sachithira m'phala lobwadamuka, koma amadikira kuti liyambe lapolako. Imeneyi ndi ndondomeko yathunthu, yokhala ndi chiyambi chake, zoyenera kudikira ndi zoletsedwa zake, ndipo mwanayo sasokoneza. Koma mtsikana yemweyo akapatsidwa pepala lofotokoza kasakanizidwe ka madzi a shuga ndi mchere a mwana wotsekula m'mimba, akhoza kutchula bwinobwino liwu lililonse, nalephera kunena chimene ayenera kuyamba kuchita.

M'nkhani ino tikufuna kulondola gwero la kulephera kumeneku m'mbiri ya maphunziro m'boma la Lundazi, kumpoto kwa chigawo cha kum'mawa m'dziko la Zambia. Tikamati Lundazi tikunena boma lakale lija, lisanagawidwe mu 2018 pamene Chasefu ndi Lumezi adasanduka maboma paokha. Derali lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kumpoto kwa Chipata, ndipo lachita malire ndi Mzimba ndi Kasungu ku Malaŵi. Anthu ambiri kumeneko amayankhula Chitumbuka, ngakhale Angoni a kwa Magodi ndi kwa Phikamalaza, pamene Achewa akupezeka makamaka kwa Mwase, kwa Zumwanda ndi madera oyandikana nawo. Mfundo yathu ndi yakuti kwa zaka zoposa 100 ana a kumeneko akhala akuphunzitsidwa kuwerenga kuti aloweze, kuti atchule, kapena kuti akhoze mayeso, koma luso lowerenga kuti munthu achite chinthu ndi manja ake silidapatsidwepo malo ake enieni. Ndiponso kuti kusinthasintha kwa chiyankhulo chophunzitsira kudaphimba vutoli mmalo molithetsa.

Sukulu za mishoni

Sukulu zoyamba m'derali sizidachokere ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi Chipata, koma kum'mawa, ku mishoni ya Livingstonia. Donald Fraser, amene adakhazikika ku Loudon, ku Embangweni, kuyambira mu 1902, ankatumiza aphunzitsi ndi alaliki Achitumbuka ndi Achingoni kuwoloka malire mpaka kutsikira ku Marambo, m'chigwa cha Luangwa, kwa Asenga. Mu 1922 siteshoni ya Chasefu idatsegulidwa. Aphunzitsiwa ankaphunzitsa m'Chitumbuka, ndipo Chipangano Chatsopano cha m'Chitumbuka chidali chitasindikizidwa kale mu 1911. Motero mwana wa ku Chasefu wa m'zaka za m'ma 1920 adali ndi mwayi umene adzukulu ake adadzausowa: ankaphunzira malembo m'chiyankhulo chimene ankayankhula ndi amayi ake.

Komabe tisakometse mbiri. Cholinga chachikulu cha sukulu ya m'mudzi chidali chakuti munthu athe kuwerenga Mawu a Mulungu ndi kuyankha mafunso a katekisimu, ndipo njira yake idali yobwereza pamodzi mokweza mpaka mawu atakhazikika m'mutu. Kuwerenga kotereku kuli ndi mphamvu yake, ndipo kudatulutsa anthu odziwa kulemba makalata ogwira mtima. Koma wowerenga Uthenga Wabwino safunsidwa kuti aike buku pansi, atenge chingwe, ayese mtunda, kenaka abwerere pamzere umene adalekezera. Maluso a manja monga ukalipentala, kuumba njerwa ndi kusindikiza mabuku ankaphunzitsidwa ndithu ku Overtoun Institution, sukulu imene Robert Laws adayambitsa ku Khondowe mu 1894, koma ankaphunzitsidwa kwa osankhika ochepa, ndiponso poonera mmisiri, monga momwe mwana amaphunzirira kuluka nkhokwe. Buku ndi ntchito zidayamba kuyenda njira ziwiri kuyambira pachiyambi pomwe.

Chisankho cha 1927

Ulamuliro wa kampani ya British South Africa utatha mu 1924, boma la atsamunda lidayamba kulowerera pa maphunziro a anthu akuda. Chaka chomwecho nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes, motsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, zidayendera dzikolo ndi kulimbikitsa maphunziro ogwirizana ndi moyo wa kumudzi: ulimi, ukhondo ndi ntchito za manja. Mu 1925 G. C. Latham adakhala mkulu woyamba woyang'anira maphunzirowa. Munthu akadayembekeza kuti maganizo oterewa abala mabuku ophunzitsa ana kutsata malangizo olembedwa, ndipo timabuku ta zaumoyo ndi zaulimi tidalembedwadi, makamaka bungwe losindikiza mabuku la Northern Rhodesia ndi Nyasaland litakhazikitsidwa mu 1948. Koma njira imene boma lidadalira kwambiri idali ya mphunzitsi woyendera midzi, wophunzitsidwa pa sukulu ya Jeanes ya ku Mazabuka, imene ntchito yake idasamukira ku Chalimbana mu 1939. Iye ankaonetsa anthu kakumbidwe ka chimbudzi ndi kaundidwe ka mizere pamaso pawo. Apanso ndondomeko idadutsa m'maso ndi m'manja, osati pa pepala.

Chimene chidakhudza Lundazi kwa nthawi yaitali ndi chisankho cha mu 1927, pamene ziyankhulo zinayi zidasankhidwa kuti zizigwiritsidwa ntchito m'makalasi oyambirira: Chibemba, Chinyanja, Chitonga ndi Chilozi. Chitumbuka sichidalowemo. Chifukwa chake si chovuta kuchiona. Kummwera kwa chigawochi mishoni ya Dutch Reformed idali itazika kale mizu ku Magwero kuyambira 1899 ndi ku Madzimoyo kuyambira 1903, ndipo Chinyanja chidali ndi mabuku ambiri ochokera ku Nkhoma ndi kwina, kuphatikizapo Buku Lopatulika. Kwa wolamulira amene akuwerengera ndalama zosindikizira, chigawo chimodzi chinkayenera kukhala ndi chiyankhulo chimodzi. Dziko litalandira ufulu, ziyankhulo zovomerezeka zidafika pa zisanu ndi ziwiri powonjezerapo Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale, koma Chitumbuka chidatsalabe kunja. Ndipo chitsime cha mabuku a Chitumbuka cha kutsidya kwa malire chidaphwa mu 1968, pamene boma la Malaŵi lidachotsa chiyankhulochi m'sukulu ndi pa wailesi. Ife aphunzitsi a Chichewa sitikonda kukumbukira mbali imeneyi ya mbiri ya chiyankhulo chathu, koma mwana wa ku Lundazi adalipira mtengo wake mbali zonse ziwiri za malire.

Zaka za Chingerezi

Mu 1965 boma la Zambia, John Mwanakatwe ali nduna ya zamaphunziro, lidagamula kuti Chingerezi chikhale chiyankhulo chophunzitsira kuyambira Giredi 1, ndipo lamulo la zamaphunziro la 1966 lidatsimikiza zimenezi. Zifukwa zake zidali zomveka m'nthawi yake: umodzi wa dziko, kusamutsa aphunzitsi mosavuta kuchoka chigawo china kupita china, ndi kusowa kwa mabuku. Mu 1976 chikalata choyamba cha kusintha kwa maphunziro chidapempha kuti ziyankhulo za m'dziko zibwerere m'magiredi anayi oyamba, koma chikalata chomaliza cha 1977 chidasunga Chingerezi, nichingolola mphunzitsi kufotokozera mfundo zovuta m'chiyankhulo cha ana. Motero kwa zaka 30 mwana wa ku Lumezi ankayankhula Chitumbuka kunyumba, kuphunzira masamu ndi sayansi m'Chingerezi, ndi kukumana ndi Chinyanja ngati phunziro lapadera la maola ochepa pa sabata.

Chodabwitsa n'chakuti zaka zomwezi ndi zimene boma lidafuna kwambiri kuti anthu akumidzi azitsata malangizo olembedwa. Mu 1975 Pulezidenti Kenneth Kaunda adalamula kuti sukulu iliyonse izikhala ndi gawo lopanga chuma chake, ndipo m'sukulu zambiri zakumidzi gawolo lidali munda. Pofika chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 padadza ndondomeko ya Lima, imene mpaka lero yasiya liwu lake m'kamwa mwa alimi. Lima imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala, ndiko kuti munda wa mamita 50 m'litali ndi mamita 50 m'lifupi. Mlimi ankayenera kuyesa munda ndi mipata ya mapando pogwiritsa ntchito chingwe chokhala ndi zizindikiro, ndi kuthira feteleza ndi kapu yoyesera. Amene adakonza njirayi adadziwa bwino kuti sangadalire kuwerenga, n'chifukwa chake adaika masamu onse m'chingwe ndi m'kapu. Imeneyi idali nzeru, koma idalinso kuvomereza poyera kuti sukulu siinkatulutsa anthu oti angawerenge kapepala ka alangizi ndi kukachita zimene kanena. Ndipo m'munda wa sukulu momwemo, pamene padali mpata woti mwana agwire kapepala m'dzanja lina ndi chingwe m'dzanja lina, nthawi zambiri mphunzitsi ndiye ankawerenga, ana n'kumagwira makasu.

Zotsatira zake zidaonekera poyera m'zaka za m'ma 1990. Eddie Williams, m'kafukufuku wake woyerekeza Malaŵi ndi Zambia amene adasindikizidwa mu 1998, adapeza kuti ana a ku Zambia, ngakhale adayamba Chingerezi kuyambira tsiku loyamba, sankaposa kwenikweni anzawo a ku Malaŵi powerenga Chingerezi, pamene ana a ku Malaŵi ankawerenga Chichewa bwino kwambiri kuposa mmene ana a ku Zambia ankawerengera Chinyanja. Kafukufuku wa SACMEQ wa mu 1995 adaonetsa kuti mwa ana anayi alionse a Giredi 6, pafupifupi mmodzi yekha ndiye ankafika pa mlingo wotsikitsitsa woyembekezeka pa kuwerenga.

Kubwerera kwa Chinyanja

Chikalata cha Educating Our Future cha mu 1996 chidatsegula khomo loti ana ayambe kuphunzira kuwerenga m'chiyankhulo cha m'dziko. Kuchokera apo padabadwa Primary Reading Programme mu 1999, mothandizidwa ndi boma la Britain. Gawo lake la Giredi 1, New Breakthrough to Literacy, lidatengedwa ku njira ya bungwe la Molteno la ku South Africa, ndipo lidayesedwa koyamba m'Chibemba ku Kasama mu 1998. Maziko a njirayi ndi akuti mwana anene chiganizo chake poona chithunzi, kenaka achimange ndi timakadi ta mawu, achiwerenge, achilembe. Njira imeneyi imayenda pokhapokha ngati mawu a pa timakadi ali mawu a mwanayo. Ku Lundazi timakadito tidali ta Chinyanja. Mwana amene m'mutu mwake muli maji, vingoma ndi skaŵa ankafunafuna pa bolodi n'kupeza madzi, chimanga ndi mawu ena achilendo. Kafukufuku wa Zimba wa ku University of Zambia mu 2007, wochitikira m'sukulu za ku Lumezi, adaloza vuto lomweli, ndipo Geoffrey Tambulukani ndi Adriana Bus adasonyeza mu 2012 kuti kuzolowera kwa mwana chiyankhulo chophunzitsira kumakhudza kwambiri mmene amaphunzirira kuwerenga.

Kuyambira mu 2014 Chinyanja chidakhala chiyankhulo chophunzitsira maphunziro onse kuchokera Giredi 1 mpaka Giredi 4 m'chigawo cha kum'mawa, ndipo njira yophunzitsira kuwerenga idatsamira pa maliwu a malembo ndi maphatikizo. Popeza kalembedwe ka Chinyanja ndi ka Chitumbuka kamatsata katchulidwe, mwana wa Chitumbuka amatha msanga kutchula ndime ya Chinyanja mosadodoma. Apa ndi pamene pagona msampha. Mphunzitsi akamva mwana akuwerenga mosalala amakhutira, osadziwa kuti kutchula ndi kumva ndi zinthu ziwiri.

Kumene ndondomeko imabisala m'chiyankhulo

Tiyenera kukhalitsa pang'ono pa mfundo iyi, chifukwa ndi imene olemba mbiri ya ndondomeko za boma amaidumpha. M'nthano, mwana akaphonya liwu limodzi nkhani imamunyamulabe. Amadziwa kale kuti Kalulu apusitsa Fisi. M'malangizo mulibe chomunyamula. Ndipo m'Chichewa dongosolo la zochita silikhala kwenikweni m'mawu oima paokha monga poyamba, kenaka ndi pomaliza, amene aphunzitsi amakonda kulemba pa bolodi. Limakhala m'timaphatikizo ta m'kati mwa mneni.

Taonani ziganizo izi zimene tapeka: mukathira feteleza, kwirirani, mutathira feteleza, kwirirani, musanathire feteleza, palirani, musathire feteleza. Tsinde la mneni ndi limodzi, koma -ka- akunena za nthawi kapena za chinthu choyenera kuyamba chachitika, -ta- akunena kuti chachitika kale, -sana- akutembenuza dongosolo kotero kuti chimene chalembedwa poyamba ndicho chichitike pambuyo, ndipo -sa- akuletseratu. Pakati pa musanathire ndi musathire pali phatikizo limodzi lokha. Ngakhale mwana wobadwira m'Chichewa amafunika kuphunzitsidwa kuona kusiyana kumeneku pa pepala, pamene palibe liwu la mayi ake kapena chala choloza.

Kwa mwana wa Chitumbuka vutoli limakula chifukwa cha chibale chenichenicho cha ziyankhulo ziwirizi. M'Chitumbuka -ka- ndi chizindikiro cha nthawi yakale: tikaluta ndiye kuti tidapita. Choncho mukathira, amene kwa Mchewa akutanthauza chinthu cha m'tsogolo chodikirika, kwa Mtumbuka akumveka ngati mudathira. Ganizo la Chichewa la mukamaliza iye amalinena ndi liwu loima palokha, para mwamara, ndipo ganizo la musanachite amalitsogoza ndi pambere. Kukana nako kumasiyana malo. Chichewa chimakana kumayambiriro kwa mneni, ndi si- kapena -sa-, pamene Chitumbuka kawirikawiri chimaika yayi kapena chara pambuyo pa mneni. Mwana amene khutu lake lidazolowera kudikira chikano kumapeto akhoza kuwerenga musathire mpaka pa mpumiro osakumana ndi chomuimitsa. Liwu la Chingerezi limene mwana salidziwa limamuchenjeza lokha kuti sakulidziwa, ndipo amafunsa. Liwu la Chinyanja looneka ngati lake silimuchenjeza.

Tibwerere ku madzi a shuga ndi mchere aja. Malangizo amene mabungwe a zaumoyo akhala akufalitsa ndi akuti m'lita imodzi ya madzi aukhondo muthiridwe masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. M'chiganizo chachifupi chotero muli miyeso itatu, zinthu zitatu, ndi liwu limodzi lochepetsa muyeso. Wowerenga akasinthanitsa shuga ndi mchere, madziwo amasanduka oopsa kwa khanda. M'mudzi mmene wodziwa kuwerenga m'banja angakhale mwana wa Giredi 5, funso la kalasi ya chiyankhulo limafika pa mphasa ya wodwala. Chimodzimodzinso ndi botolo la mankhwala opopera thonje, mbewu imene alimi ambiri a ku Lundazi akhala akulima, ngakhale kuti pamenepo malangizo amakhala m'Chingerezi, m'timalembo tating'ono.

Zimene zayesedwa, ndi zimene sizidayesedwe

Friday Nyimbili ndi David Sani Mwanza adafalitsa mu 2020 zotsatira za kafukufuku wa m'makalasi a Giredi 1 ku Lundazi, mmene mphunzitsi ankaloledwa kugwiritsa ntchito Chitumbuka ndi ziyankhulo zina za ana pamodzi ndi Chinyanja. Ana ophunzitsidwa motere adachita bwino kuposa amene adaphunzitsidwa m'Chinyanja chokha. Zimenezi sizingadabwitse mphunzitsi aliyense wa m'derali, chifukwa ambiri akhala akuchita zomwezo mwakachetechete woyendera sukulu akachoka. Phindu la kafukufukuyu ndi lakuti adachotsa manyazi pa mchitidwe umene kale unkaonedwa ngati ulesi.

Koma ife tikuona kuti kusankha bwino chiyankhulo pakokha sikukwanira. Mbiri imene talondolayi yasintha chiyankhulo kangapo, kuchoka ku Chitumbuka cha mishoni kupita ku Chinyanja, ku Chingerezi, n'kubwereranso ku Chinyanja, koma chimene mwana amafunsidwa akamaliza ndime chasintha pang'ono. Amafunsidwa kuti atchule dzina la munthu wa m'nkhani, kapena kuti apeze liwu lofanana tanthauzo ndi lina. Safunsidwa kawirikawiri kuti asanje m'dongosolo lake ziganizo zosokonezedwa, kuti aloze chimene chingaonongeke sitepe ina ikadumphidwa, kapena kuti awerenge ndi kuchita pomwepo anzake akuona ngati walondola. Mayeso a kuwerenga malangizo ndi chinthu chimene chatuluka: ngati mpira wa mapepala wamangika, ngati mbewu zamera pa mipata yoyenera. Ntchito zoterezi sizifuna mabuku okwera mtengo. Mphunzitsi angathe kufunsa mtsikana uja kuti afotokoze kafulidwe ka chindongwa m'Chitumbuka, kalasi yonse ilembe ndondomekoyo m'Chinyanja, kenaka aike ziganizo ziwirizo pafupi ndi kulozera ana pamene para wasanduka -ka- ndi pamene yayi wasamukira kutsogolo n'kukhala -sa-. Phunziro limodzi lotero limaphunzitsa malamulo a chiyankhulo amene buku la Giredi 4 lolembedwera ana a ku Katete silingaganize n'komwe kuwatchula.

Kunja kwa sukulu zolembedwa za mtundu umenewu zachuluka. Ulimi wa mapando okumbiratu, umene bungwe la Conservation Farming Unit lidayamba kufalitsa mu 1996, uli ndi miyeso yake ya kutalika ndi kuya kwa phando ndi nyengo yake yokumbira mvula isanagwe. Bungwe la COMACO, limene lidayamba ntchito yake m'chigwa cha Luangwa mu 2003 ndipo Lundazi adali amodzi mwa malo ake oyamba, limadalira buku la malangizo limene magulu a alimi amawerenga pamodzi. Mauthenga a pa foni okhudza zipangizo za ulimi ndi katumizidwe ka ndalama nawo ndi ndondomeko za masitepe, ndipo wophonya sitepe imodzi amataya ndalama.

Pamene izi zili chonchi, ndondomeko ya maphunziro ya 2023, imene idayamba kugwira ntchito m'makalasi oyambirira mu 2025, yabwezeretsa Chingerezi ngati chiyankhulo chophunzitsira, ndi kusiyira ziyankhulo za m'dziko ntchito yothandiza kufotokozera. Mawu ake akufanana kwambiri ndi a chikalata cha 1977. Kwa mphunzitsi wa ku Chasefu kapena ku Lumezi, chilolezo chofotokozera m'chiyankhulo cha ana chikhoza kukhala mpata wolowetsa Chitumbuka m'kalasi mosabisa. Koma phunziro la chiyankhulo cha m'dziko kumeneko likadali la Chinyanja, ndipo mabuku ake akadalembedwa ngati kuti mwana aliyense wa m'chigawo cha kum'mawa amamva mukathira monga momwe amamvera mwana wa kwa Kawaza.